Olvera pa njinga: tiyambire kumtunda kapena kumunsi?

Nachisale_Leeds
Moni nonse abale. Ndikupempha nzeru kwa amene mukulidziwa dera la Sierra de Cádiz, kummwera kwa Spain. Tilipo anayi, mmodzi ndi mwana wa zaka 14, ndipo tili ndi masiku atatu okha pa katauni ka Olvera. Chachikulu ndi kupalasa njinga pa Vía Verde de la Sierra ndi kukaona miimba ya ku Zaframagón. Tiyambire ku Olvera kapena ku Puerto Serrano? Kupita ndi kubwera tsiku limodzi n'kotheka? Njinga tinyamule zathu kapena tikabwereke komweko? Nanga masiku otsalawo tikaone chiyani? Tchuthi chikugwa mu Ogasiti koma tingathe kusuntha.

Tcheni_Yadumpha
Sunthani. Ogasiti ayi.

Gogo_Sipoko
A Tcheni anena mwachidule koma ndi zoona. Mu Julayi ndi Ogasiti kumeneko kutentha kumafika madigiri 40, nthawi zina kupitirira. Chimene chimapusitsa anthu ndi wotchi. Nthawi yotentha, ola la ku Spain limafanana ndi la ku Malawi, koma dzuwa silitsatira. Limatuluka cha m'ma 7 koloko, limafika paliwombo 2 koloko itadutsa, ndipo kumawotcha kwambiri pakati pa 3 ndi 6 madzulo. Munthu wozolowera kuti ikakwana 4 koloko dzuwa lapepa amanyamuka nthawi imene eniake atseka mawindo n'kugona. Miyezi yabwino ndi Malichi, Epulo, Meyi, kenako Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala. Mu Epulo mapiri amakhala obiriwira, mitsinje ili ndi madzi.

Mphepo_ya_Mwera
Za njirayo, achemwali, mvetsani kaye kuti ndi chiyani, chifukwa yankho la mafunso anu ambiri lili pamenepo. Imeneyi inali njanji yoti ilumikize Jerez de la Frontera ndi Almargen. Anayamba kuimanga m'zaka za m'ma 1920, mu ulamuliro wa Miguel Primo de Rivera. Anaboola mapiri, anamanga milatho ndi masiteshoni, koma ndalama ndi ndale zinasintha, nkhondo yapachiweniweni ya 1936 inabwera, ndipo pachigawo chimenechi sitima sinadutsepo ngakhale kamodzi. Chotsalira chake ndi chimene munthu amapalasapo lero: makilomita pafupifupi 36 pakati pa Puerto Serrano ndi Olvera, ngalande zoboola phiri 30, milatho ikuluikulu 4 ndi masiteshoni 5.

Popeza anaikonzera sitima, mulibe chitunda chokupangitsani kutsika n'kukankha. Koma musaganize kuti ndi yathyathyathya. Olvera ili kumtunda, Puerto Serrano kumunsi, kusiyana kwake kupitirira mamita 200. Pochokera ku Olvera njinga imangoyenda yokha pang'onopang'ono, ndipo simudziwa n'komwe kuti mukutsetsereka mpaka mutatembenuka.

Masiteshoni mukachokera ku Olvera amabwera motere: Navalagrulla pa makilomita pafupifupi 9, Zaframagón pa 16, Coripe pa 22, Puerto Serrano pa 36. Pansi pake pena ndi phula, pena ndi dothi lotsendera lokhala ndi timiyala.

Nachisale_Leeds
Ndiye kuti kuyambira ku Olvera ndiye kophweka?

Mphepo_ya_Mwera
Kophweka popita. Mavuto ake mumawapeza pobwerera.

Kabaza_wa_Sevilla
Apa ndiye pamene ambiri amalakwitsa. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 72. Mukanyamuka ku Olvera 9 koloko, mumafika ku Puerto Serrano mukuseka, mumadya, kenako makilomita 36 okwera akukudikirani dzuwa lili pamutu, miyendo itatopa kale, mwana wayamba kudandaula chishalo. Kwa anthu osazolowera, ndimalangiza chimodzi mwa ziwiri. Choyamba, pitani ndi galimoto ku Puerto Serrano, yambirani kumeneko m'mawa, kwerani muli ndi mphamvu, mubwerere motsetsereka. Chachiwiri, yambirani ku Olvera, mupalase ulendo umodzi wokha wotsika, mutapangana kale ndi obwereketsa njinga kapena wa takisi kuti akakutengeni kumunsi. Panganani dzulo lake, osati mutafika kale. Takisi wa m'tauni yaing'ono sakhala pa siteji kudikira anthu, ndipo si aliyense ali ndi potengera njinga zinayi.

Gogo_Sipoko
Ine ndikutsutsa pang'ono, a Kabaza. N'chifukwa chiyani tikuwakakamiza kumaliza njira yonse? Zokongola zambiri zili pakati pa Olvera ndi Coripe. Olvera mpaka Zaframagón ndi kubwerera ndi makilomita 32. Akafuna kuwonjezera, afike ku Coripe, akhale 44. Kwa mwana wa zaka 14 ndi wokwanira ameneyo, ndipo sipafunika galimoto kapena takisi.

Kabaza_wa_Sevilla
Akatero aphonya ngalande yaitali kuposa zonse, Túnel del Castillo, ya mamita 990. Ili kuseri kwa Coripe, mbali ya Puerto Serrano. Aphonyanso Junta de los Ríos, pamene mtsinje wa Guadalporcún umathira mu mtsinje wa Guadalete.

Gogo_Sipoko
Kuchokera pa siteshoni ya Coripe kukafika pa ngalandeyo si patali. Awoloke mlatho wa Coripe, alowe, atulukire uko, atembenuke. Junta de los Ríos aisiye, mitsinje iwiri kukumana si chinthu chofera.

Tcheni_Yadumpha
Kkkk agogo akana kutengeka ndi mathiriro.

Mai_a_Dalitso
Poti mwatchula ngalande, tikambe za kuwala, chifukwa mmenemo mutha kuchita ngozi. Ngalande zitalizitali zili ndi magetsi, ena oyaka okha munthu akalowa, ena ochita kusindikiza batani pakhomo. Musawadalire. Amatha kuzima muli pakati, kapena kupezeka chigawo china chafa. Njinga iliyonse ikhale ndi nyali yakutsogolo yomangirira pa handulo ndi kofiira kumbuyo. Tochi ya pa foni siyokwanira, komanso dzanja limodzi limachoka pa buleki.

Polowa chitani izi. Vulani magalasi a dzuwa musanafike pakhomo, osati mutalowa. Chepetsani liwiro, chifukwa maso ochokera padzuwa amatenga kanthawi asanayambe kuona mumdima, ndipo masekondi oyambawo mumakhala ngati wakhungu. Yendani mondondozana, mutalikirane njinga ziwiri kapena zitatu, mugwire kumanja. Musaime pakati kuti mujambule popanda kuuza wam'mbuyo. Pansi pamakhala ponyowa chifukwa madzi amadontha kudenga, ndipo m'mbali mumakhala timaenje. Mkati mumazizira ngakhale kunja kukuwotcha, ndiye ngati mwatuluka thukuta, kajekete kopepuka kamathandiza mu ija ya mamita 990.

Musaiwale kuti njirayi si ya njinga zokha. Mumayenda anthu apansi, ana, agalu, nthawi zina akavalo.

Chisale_Fundi
Ndionjezere za kumanja zimene atchula mayiwa, poti ndi zimene zimagwetsa anthu ochokera ku Malawi, Zambia, South Africa kapena Britain. Ku Spain amayenda kumanja, izo aliyense amadziwa. Chimene ambiri sadziwa ndi mabuleki. Njinga za kwathu ndi za ku Britain, dzanja lamanja limagwira buleki yakutsogolo. Za ku Spain n'zosemphana: lamanzere ndi yakutsogolo, lamanja ndi yakumbuyo. Munthu akadzidzimuka amafinya mwachizolowezi, n'kupezeka wamanga tayala lakutsogolo pa timiyala, njinga n'kumutaya. Mukalandira njinga yobwereka, musanakwere, ikankheni n'kufinya mbali imodziimodzi kuti muone tayala limene likuima. Mwana achite zimenezi kangapo.

Zina zoyang'ana pobwereka. Kwezani chishalo mpaka chidendene chikaponda pedulo ili pansi mwendo uwongoke. Chishalo chotsika chimapweteketsa mawondo pofika kilomita ya 20. Gwedezani mawilo cham'mbali, ngati akugwedera ndiye kuti mabering'i atha kapena nati yamasuka. Sinthani magiya onse pabwalo pomwepo. Funsani chubu chapadera cha saizi yomweyo, zochotsera tayala ziwiri ndi pampu. Ndipo yang'anani valavu. Ya njinga za kwathu ija yokhala ndi kamphira mkati simuipeza kawirikawiri. Kumeneko kuli Presta, yowonda yokhala ndi kanati kumutu, ndi Schrader, yonga ya galimoto. Presta umayamba wamasula kanatiko n'kukadina pang'ono, apo ayi mpweya sulowa ngakhale upope mpaka kutuluka thukuta. Pampu ikhale yogwirizana ndi valavu yanu.

Mpweya: pa matayala a mamilimita 38 mpaka 40, munthu wa makilo 70 mpaka 80, mabaa (muyeso wa mpweya pa geji ya pampu) 3 kapena 3.5 akwana. Mukapopa gwa ngati mwala njinga imadumphadumpha pa timiyala ndipo manja amachita dzanzi. Mukachepetsa kwambiri, chubu chimapanidwa ndi limu pa mwala n'kuboola timabowo tiwiri toyandikana.

Nachisale_Leeds
Zikomo bambo. Ndiye kunyamula zathu kulibe phindu?

Chisale_Fundi
Kwa masiku atatu palibe. Ndege imalipiritsa padera pa njinga iliyonse, muyenera kuipakira m'katoni mutachotsa mapedulo ndi kutembenuza handulo, ndipo Olvera ilibe siteshoni ya sitima yoyenda. Mumafikako pa basi kapena pa galimoto, kudzera msewu wa A-384. Makatoni anayi m'basi ndi mkangano. Pa siteshoni yakale ya Olvera, pamene njirayo imayambira, pali obwereketsa njinga, malo odyera ndi malo ogona omangidwa ngati mabogi a sitima. Sungitsani njinga pasadakhale ngati ndi Loweruka, Lamlungu kapena sabata ya Pasaka. Ngati ndi yamagetsi imene mukuganiza, iwalani zonyamula: batire yake imakhala ya ma Wh (muyeso wa mphamvu ya batire) 400 kupita m'mwamba, pamene ndege salola yopitirira 160.

Tcheni_Yadumpha
Yamagetsi pa njanji? Ndi ulesi umenewo.

Mai_a_Dalitso
Si ulesi a Tcheni. Pa njanjipo mwina siifunika, koma kuchokera pa siteshoni kukwera m'tauni? Olvera inamangidwa pa phiri, siteshoni ili m'munsi. Ndi kilomita imodzi ndi kanthu koma chitunda chake n'choimirira, ndipo chimabwera mutatha kale mphamvu. Ambiri amakankha. Amene ali ndi galimoto aisiye pa siteshoni, asaisiye kumtunda.

Diso_la_Nkhwazi
Tabwerani ku miimba, poti ndi imene yawakoka. Peñón de Zaframagón ndi thanthwe lalikulu la mwala wa laimu, lotalika mamita 584 kuchokera pa nyanja, pamalire a zigawo za Cádiz ndi Sevilla. Mtsinje wa Guadalporcún unadula mpata m'mbali mwake umene amautcha El Estrechón, ndipo njinga imadutsa pa mlatho pomwepo. Miimba yake ndi imene Asipanishi amati buitre leonado, yofiirira ngati mkango, khosi loyera. Ikatambasula mapiko imakwana mamita awiri ndi theka. Pathanthwepo pamaswana magulu a iwiri iwiri pafupifupi 200, n'chifukwa chake malowa ndi otetezedwa ndipo kukwera thanthwelo n'koletsedwa.

Nthawi yofika ndi yofunika kuposa china chilichonse. Muimba ndi mbalame yolemera, sikupiza mapiko mwachisawawa. Imadikira dzuwa litenthetse thanthwe, mpweya wofunda uyambe kukwera, ndiye imadziponya n'kumazungulira nawo. Mukafika 8 koloko m'mawa mudzaona thanthwe lokha, mudzati anakunamizani. Fikani pakati pa 10 ndi 12 koloko. Mukanyamuka ku Olvera cha m'ma 9 mosathamanga, mufika nthawi yake.

Pofuna zisa, musayang'ane mbalame, yang'anani mizere yoyera yotsika pamwala. Ndi zitosi zimenezo, ndipo pamwamba pa mzere uliwonse pali kashelefu pamene pakhala mbalame. Imaikira dzira limodzi lokha, cha mu Januwale, n'kulifungatira masiku opitirira 50. Mu Epulo ndi Meyi mwana amakhala ali m'chisa, makolo akusinthana. Pa siteshoni ya Zaframagón anaikapo malo oonera okhala ndi makamera oloza pa zisa, moti mumaona pa sikirini pafupi kwambiri. Satsegula tsiku lililonse kapena tsiku lonse, funsani maola ku Olvera musananyamuke. Zoonera patali za 8x42, zokulitsa kasanu ndi katatu, zikwana. Zokulitsa kwambiri zimanjenjemera m'manja otopa ndi handulo.

Tcheni_Yadumpha
Ulendo wonsewu kukaona mbalame yodya zakufa? Ku Liwonde kulibe?

Diso_la_Nkhwazi
Iliko, ndipo inabwerera atabwezeretsako akambuku othamanga aja (cheetah) ndi mikango, poti inayamba kupeza zotsala. Koma ndi mitundu ina, ndipo simuiona mazana pa thanthwe limodzi, ikudutsa pamutu panu mpaka kumva mphepo ya mapiko. Spain yokha ili ndi miimba ya mtundu umenewu yochuluka kuposa maiko ena onse a ku Ulaya kuphatikiza pamodzi. Chifukwa chake ndi ziweto. Nkhosa kapena mbuzi ikafera kubusa, miimba imaimaliza. Matenda a misala ya ng'ombe atavuta, malamulo a ku Ulaya analetsa kusiya nyama zakufa kutchire, miimba inayamba kuvutika ndi njala, mpaka anadzafewetsa lamulolo m'madera ena a ziweto zoyenda momasuka.

Bambo_Phiri_Jozi
Pepani kulowerera. Wa pasipoti ya Malawi wokhala ku Britain kapena kuno ku Joni amafunikabe viza?

Kabaza_wa_Sevilla
Eya, ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Spain. Chilolezo chokhalira ku Britain kapena ku South Africa sichilowa m'malo mwake. Mumafunsira m'dziko limene mukukhala movomerezeka, ndipo amafuna inshuwalansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000. Werengani timalemba ting'onoting'ono ta inshuwalansiyo, chifukwa ena sawerengera ngozi ya pa njinga ngati munalibe chisoti.

Mai_a_Dalitso
Chisoticho ndi lamulonso. Kunja kwa tauni aliyense wopalasa ayenera kuvala. Wosakwana zaka 16 ayenera kuvala paliponse, ngakhale m'kati mwa tauni, ndiye mwana wanu, a Nachisale, asachivule. Mahedifoni m'makutu n'koletsedwa, foni m'manja chimodzimodzi, chindapusa chake mayuro 200. Malire a mowa a oyendetsa galimoto amakhudzanso wa njinga, ndiye vinyo wa pa nkhomaliro muchepetse. Nambala ya ngozi ndi 112. M'ngalande ndi m'mipata ya mapiri netiweki imasowa. Zindikirani nambala ya kilomita kapena dzina la ngalande imene mwangodutsa kuti mukaimba muthe kunena pamene muli.

Mphepo_ya_Mwera
Tibwerere panjira. Mukafika ku Coripe musangotembenuka. Pafupi ndi siteshoni pali kanjira kopatuka kopita ku Chaparro de la Vega, mtengo waukulu wa mtundu wa encina (oak) umene boma la Andalucía linauika m'gulu la zipilala zachilengedwe. Kutalika kwake ndi mamita 13 okha, koma nthambi zake zinayala mamita pafupifupi 30, mthunzi wake ngati wa kachere wa pabwalo la mfumu. Ndi malo abwino odyera kamba. Mudzi wa Coripe weniweni uli pamtunda, makilomita angapo kuchokera pa siteshoni, ndipo njira yake ndi yokwera. Musapiteko pongofuna madzi.

Madziwo nyamulani okwanira kuchokera ku Olvera. Muwerengere theka la lita mpaka mamililita 750 pa ola pa munthu aliyense, kukatentha kuposa apo. Malo odyera a m'masiteshoni amadalira nyengo ndi tsiku, pakati pa sabata mutha kupeza potseka. Navalagrulla musaiwerengere n'komwe.

Chisale_Fundi
Kuphwa kwa tayala: kumapeto kwa chilimwe m'mbali mwa njira mumakhala kachitsamba koyanga pansi kobala timinga tolimba, eniake amati abrojos. Musaimike njinga m'maudzu ouma. Likaphwa, ikani chubu chatsopano, chakalecho mukamate kunyumba. Koma musanaike, yendetsani chala pang'onopang'ono m'kati mwa tayala lonse. Munga umatsalira mmenemo, ndipo mukaiwala, chubu chatsopanocho chiphwanso musanathe kilomita. Mukakakamizika kumata panjira, palani pabowopo ndi sandipepa, pakani guluu wochepa mopyapyala, dikirani mphindi zitatu kapena zisanu mpaka asiye kunyezimira, ndiye ikani chigamba n'kufinya mwamphamvu. Chigamba chimamatuka chifukwa cha kupupuluma, kuika guluu akadali wamadzi.

Tcheni_Yadumpha
Mukuphunzitsa Mmalawi kumata chubu? Ife timamanga ndi mphira n'kupitiriza ulendo.

Chisale_Fundi
Pa njinga ya eni, mukabweza ndi mfundo ya mphira pa chubu mudzalipira.

Gogo_Sipoko
Za mvula sitinakambe. Dothi la dera limeneli ndi dongo. Mvula ikagwa masiku awiri atatu, pena pamagumuka zigumukire n'kutseka njira, pena matope amamatirira pa tayala mpaka wilo kukana kuzungulira pakati pa foloko. Musakakamize kupalasa likatero, mudzathyola kachitsulo kogwira magiya akumbuyo. Imani, tokosani ndi kamtengo. Oyang'anira njirayi amalengeza zigawo zotsekedwa, ndiye funsani dzulo lake. Kuyambira Novembala mpaka Januwale ndi nyengo yokolola maolivi, mathirakitala amadutsa m'misewu ing'onoing'ono n'kusiya matope oterera pa phula.

Agalu: mukakumana ndi gulu la nkhosa kapena mbuzi, pamakhala galu wamkulu wa mtundu wa mastín. Ntchito yake ndi kulondera ziweto, osati kuluma anthu. Musathamange ndipo musadutse pakati pa gululo. Tsikani, njinga ikhale pakati pa inu ndi galuyo, yendani pang'onopang'ono molambalala.

Nachisale_Leeds
Ndalemba zonse. Nanga masiku awiri enawo?

Mphepo_ya_Mwera
Theka la tsiku lipatseni tauni yomweyo, wapansi. Kwerani ku Plaza de la Iglesia. Pamenepo pali tchalitchi cha Nuestra Señora de la Encarnación, cha nsanja ziwiri, chimene chinamalizidwa mu 1843, chachikulu moti simungakhulupirire kuti ndi cha tauni ya anthu pafupifupi 8,000. Pambali pake pali linga la Aluya la m'zaka za m'ma 1100, lomangidwa pa nsonga ya thanthwe. Mfumu Alfonso XI inalanda Olvera mu 1327, ndipo kwa zaka zoposa 150 tauniyi inali pamalire ndi ufumu wa Granada. Nyumba ya La Cilla pabwalo lomwelo ili ndi zoonetsa za nkhani imeneyi, ndipo matikiti a ku linga amagulitsa pomwepo. Masitepe a m'lingamo ndi opapatiza ndi oterera, valani nsapato zogwira. Pamwamba mumaona minda ya maolivi mbali zonse ndi linga la Pruna patsidya. Pitani m'mawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo samalani Lolemba, malo ambiri otere amatseka.

Mukasunthira ulendo ku Epulo, onani kalendala. Lolemba lachiwiri pambuyo pa Pasaka ndi Lunes de Quasimodo, pamene tauni yonse imapita ku kachisi wa Nuestra Señora de los Remedios, makilomita awiri kunja kwa tauni, kukathokoza chifukwa cha mvula imene inathetsa chilala mu 1715. Tsiku limenelo masitolo musawadalire.

Madzulo ake pitani ku Setenil de las Bodegas, makilomita pafupifupi 15 kudzera ku Torre Alháquime. Nyumba zake anazimanga pansi pa thanthwe lolendewera m'mbali mwa mtsinje, denga lake ndi mwala womwewo. Misewu iwiri yotchuka ndi Cuevas del Sol ndi Cuevas de la Sombra. Galimoto isiyeni kunja kwa mudzi, m'kati ndi mopanikiza moti magalasi am'mbali amakhula khoma.

Kabaza_wa_Sevilla
Ku Setenil atha kupitanso pa njinga, msewu wake si wodzaza.

Gogo_Sipoko
Ayi a Kabaza, apa musawasokoneze. Makilomita 15 a mumsewu wa m'mapiri si ofanana ndi 15 a pa njanji. Ndi kukwera ndi kutsika kokhakokha, makona osaona kutsogolo, m'mbali mopanda malo. Lamulo limati galimoto isiye mita imodzi ndi theka podutsa njinga, ndipo ambiri amatsatira, koma mwana amene sanazolowere kuyenda kumanja asayambire pamenepo.

Kabaza_wa_Sevilla
Pa mwanayo ndavomera. Koma ngati pagulupo pali wina wa miyendo yake, asachoke osalawa Puerto de las Palomas. Kuchokera ku Zahara de la Sierra, pamwamba pa damu la Zahara-El Gastor, msewu umakwera makilomita pafupifupi 12 mokhotakhota, mamita 6 kapena 7 pa mamita 100 alionse, mpaka mamita 1,189. Zikwangwani ndi mapu ena akale amalemba 1,357, musadabwe. Magiya akhale opepuka, a mano 34 kutsogolo ndi 32 kapena 34 kumbuyo. Yambani pang'onopang'ono, makilomita omaliza ndi amene ali ndi makona othinana. Potsikira ku Grazalema kapena kubwerera ku Zahara, musagwire mabuleki mosalekeza. Finyani mwamphamvu musanafike pa kona, siyani, finyaninso. Kugwira kosalekeza kumatenthetsa limu mpaka chubu kuphulika, ndipo pa mabuleki a disiki mphamvu imatha mwadzidzidzi. Jekete m'thumba, pamwamba pamazizira ndipo mphepo ya kum'mawa yotchedwa levante ikawomba imakankha njinga cham'mbali.

Diso_la_Nkhwazi
Otsalawo apite pa galimoto msewu womwewo, ndi tsiku lawo lachitatu limenelo. Kumeneko ndi m'nkhalango yotetezedwa ya Sierra de Grazalema, imene UNESCO inaizindikira mu 1977. Mapiri amenewa ndi oyamba kutchinga mitambo yochokera ku nyanja ya Atlantic, n'chifukwa chake Grazalema imalandira mvula pafupifupi mamilimita 2,000 pachaka pamene zigwa zapafupi n'zouma. Mvula imeneyi ndi imene inasunga pinsapo, mtengo wonga mkungudza wa masamba olimba ngati burashi, umene ku Ulaya umapezeka m'mapiri ochepa a Cádiz ndi Málaga okha.

Koma tamverani. Njira za El Pinsapar, Garganta Verde ndi El Torreón sulowa popanda chilolezo. N'chaulere, koma chiwerengero cha anthu pa tsiku n'chochepa, ndipo Loweruka ndi Lamlungu chimatha msanga. Mumafunsira ku ofesi ya alendo ya ku El Bosque kapena pa intaneti, mutapereka nambala ya pasipoti. Kuyambira 1 Juni mpaka 15 Okutobala zina amatseka kapena kuchepetsa poopa moto, chifukwa chinanso chosiyira Ogasiti. Garganta Verde ndi mpata wakuya umene uli pafupi ndi Zahara, pamsewu wa Las Palomas womwewo. Ndi makilomita awiri ndi theka okha kutsika, koma masitepe ake ndi osema pamwala, ndipo mumayamba ndi kutsika n'kumalizira kukwera, vuto lomwe lija la njanji. Miimba imadutsa m'munsi mwanu mukaima pamalo oonera. Mvula ikagwa musatsikire pansi pa mpatawo, madzi amadzaza mofulumira.

Mai_a_Dalitso
Pansi pa mitengo ya paini, kuyambira Febuluwale mpaka Epulo, mudzaona mbozi zaubweya zikuyenda mondondozana ngati mzere wa linthumbu. Izi si mphalabungu, musazigwire. Ubweya wake umatupitsa khungu ndi maso, ndipo galu akanyambita lilime limawonongeka.

Bambo_Phiri_Jozi
Nanga chakudya? Ena nkhumba sitidya.

Mphepo_ya_Mwera
Muzifunsa, chifukwa nkhumba imabisala m'zambiri, ngakhale mu msuzi wa nyemba. Mawu ake ndi "sin cerdo", ndipo onjezerani "sin jamón", poti ena saiwerengera hamu ngati nyama. Kadzutsa wosavuta ndi mollete, kabuledi kofewa kootcha, kothira mafuta a maolivi a komweko ndi tomato. Tchizi cha payoyo, cha mkaka wa mbuzi ndi nkhosa za m'mapiri omwewo, chimayenda bwino m'chikwama. Maola ndi amene amavuta: nkhomaliro imayamba cha m'ma 2 koloko mpaka 4, masitolo ang'onoang'ono amatseka kuyambira 2 mpaka 5, ndipo khitchini ya madzulo sitsegula 8 isanakwane. Wofika ndi njala 6 koloko amapeza chakumwa chokha. Lamlungu gulanitu Loweruka.

Nachisale_Leeds
Tagwirizana kuti tisunthire ku Epulo. Tsiku loyamba Olvera mpaka Coripe ndi ngalande yaitali ija n'kubwerera, lachiwiri tauni ndi Setenil, lachitatu Zahara ndi Garganta Verde tikapeza chilolezo. Funso lomaliza: kubwerera kuchokera ku Coripe tiwerengere maola angati?

Gogo_Sipoko
Popita maola awiri osawerengera kuima, pobwera awiri ndi theka kapena atatu ndi mwana. Nyamukani 9, Zaframagón 10:30, mukhalepo ola, kamba pansi pa mtengo uja cha m'ma 1 koloko, muyambe kubwerera 2 isanakwane. Mu Epulo dzuwa limalowa cha m'ma 9 usiku, ndiye mdima si vuto. Funsani obwereketsawo ola lobwezera njinga, ameneyo ndiye malire anu.

Chisale_Fundi
Ndipo kabudula wa thonje wa msoko pakati asavale aliyense. Makilomita pafupifupi 48, kuphatikiza a kukaona ngalande ija, pa chishalo cha eni, tsiku lachiwiri masitepe a ku linga mudzawakwera chotang'adza.